Maliro a Makina Anga ku Kabwata

Ndinanyamuka ku Chelstone, dera lina la mu Lusaka, Lachisanu m'mawa, mutu wa makina anga osokera nditaukulunga m'chitenje, thumba la nsalu lili kukhwapa. Mng'ono wanga Esinati, amene ndinafikira kwake, anandiperekeza mpaka pamsewu n'kubwerera kukaphika, chifukwa mawa lake linali tsiku la kitchini pate ya mwana wanga Tadala. Ku Lusaka mwambo umenewu ndi waukulu. Amayi okhaokha amasonkhana, ng'oma zimalira, mkwatibwi amalowa atamufunditsa chitenje kumutu, ndipo akamuvundukula maso onse amagwera pa diresi. Diresi limenelo linali m'thumba langa lija, lili zidutswazidutswa.

Tadala ndamusokera ndine kuyambira kamalaya ka ubatizo mpaka yunifolomu ya kusekondale. Atapeza mwamuna ku Lusaka komwe amagwira ntchito ya unamwino, anandiimbira foni kuti matelala kumeneko alipo ambirimbiri, koma iye akufuna dzanja la amayi ake. Ndinanyamula makina kuchokera kwathu ku Mchinji, tsiku lathunthu m'basi, ndikudzimva ngati munthu wofunika kwambiri. Ndiye Lachinayi madzulo, nditangoyamba msoko woyamba, makina aja anangoti gwa, n'kuuma. Ndinathira mafuta, ndinasintha singano, ndinawanyengerera, ndinawatukwana. Ngakhale kugwedera. Tadala sindinamuuze kanthu.

M'minibasi yopita m'tauni ndinakhazika katundu wanga pampando. Kondakitala anayesa kumusuntha ndi dzanja limodzi, n'kundiyang'ana.

"Amai, aka kamwana kanu ni kolema. Kazalipila siti yake."

Ndinamuyankha mokalipa kuti ameneyo ndi wodwala, akupita kuchipatala. Iye anati odwala nawo amalipira. Anthu anaseka, ine ayi. Ndinapereka makwacha makumi awiri a ine ndi khumi a wodwala wanga, n'kutembenukira pazenera nditatupa.

Koma pazenerapo mkwiyo unandithawa pang'ono. Ine ndinkati mzinda ndimaudziwa poti ku Lilongwe ndimapitapita kukagula nsalu. Apa ndinaona msewu ukukwera pamwamba pa msewu unzake, ife tikuyenda m'mwamba, magalimoto ena akudutsa kunsi kwathu. Zikwangwani zotsatsa malonda, chimodzi kukula kwake ngati khoma la tchalitchi chathu. Nyumba zagalasi zinkabweza dzuwa mpaka m'maso kuwawa. Magalimoto anadzaza msewu wonse, mizere itatu uku, itatu uko, ndipo pakati pake anyamata ankayenda mosatekeseka akugulitsa nthochi, malamba ndi mawaya a foni. Ndinaganiza za Tadala, amene ali mwana ankaopa ngakhale njinga ya moto, kuti tsopano amawoloka zimenezi tsiku ndi tsiku. Mtima unandinyamuka.

Titatsika m'tauni ndinasenza makina pamutu ngati ndowa n'kulowera ku City Market, kumene Esinati anati ndikafunse. Musandifunse kuti ndinalowera khomo liti. Munthu umangotengedwa ndi khamu. Uku milu ya kaunjika, amene kumeneko amati salaula, uku kapenta, uku nsapato zopachikidwa mpaka kudenga, kumbuyo anyamata a wilibala akukuwa kuti uwapatuke. Ndinayenda maulendo awiri mozungulira malo amodzimodzi ndisanaone tebulo la singano, mazipi ndi mabobini.

Mwini tebulolo anali bambo wachikulire wovala kachisoti koyera ka Chisilamu, dzina lake Che Saidi. Atamva kayankhulidwe kanga nkhope inawala, n'kundiuza kuti bambo ake anachokera ku Mangochi kalekale. Anavundukula makina, anayesa kupukusa gudumu, anatchera khutu, kenako anapukusa mutu. Anati matenda amenewa ndi a m'kati, ndipo munthu wake ndi mmodzi yekha, a Mulenga a pamsika wa ku Kabwata. Pondimangira chitenje anandifunsa mtundu wanga. Nditati ndine Mngoni, anaseka mpaka kugwira tebulo. Ndinamufunsa choseketsa, iye anangoti ndipite ndikaone ndekha. Ndinagula zitumbuwa ziwiri kwa mayi wa pambali pake, ndipo ndinadya ndili chiimire podikira minibasi ina.

Ku Kabwata si kutali ndi tauni. Ndinafika dzuwa likuyandikira pamutu. Ndinadutsa nyumba zosanjikizana zakale, zochapa zitayanikidwa m'makhonde mpaka pamwamba penipeni, n'kulowa mumsika. Kumbuyo kwake kuli mzere wa matelala, amayi ndi abambo, ndipo kumapeto kwa mzerewo kuli kachisakasa ka a Mulenga. Nditasuzumira m'katimo ndinaima. Mashelefu kuyambira pansi mpaka kudenga anali odzaza mitu ya makina, yakuda, yobiriwira, ina yamaluwa agolide ofufuka, ina yoti ndinaiona komaliza kwa telala wa pa sitolo ya kwathu ndili kamtsikana. Zaka zonse ndakhala ndikusoka sindinaonepo makina ambiri chotere pamalo amodzi, onse ali zii.

A Mulenga anali munthu wochepa thupi, magalasi ali pamphuno. Anagoneka makina anga chagada, anamasula zomangira ndi kasikuludiraiva, n'kutulutsa kachitsulo kamene kamakola ulusi wa pansi. Kanali katang'ambika pakati. Anakayang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mashelefu ake onse, kenako anavula chipewa.

"Ba mayo, pepani. Yatisiya."

Anafotokoza kuti mtundu wa makina angawa ndi wakale, ndipo chitsulo chotere alibe. Mbale wawo ku Kitwe ali ndi makina akufa ofanana nawo, koma kuti chifike papita masabata. Ndinakhala pabenchi. Ndine munthu wosalira pagulu, koma apa misozi inangobwera yokha. Ndinatsegula thumba, ndinawaonetsa zidutswa, ndinanena za Tadala, za mawa, za ulendo wonse wochokera ku Mchinji.

Pakhomo panali pataima mayi wamkulu thupi, tepi ili m'khosi. Anali telala wa khomo loyandikana, ndipo onse ankamutchula bana Chanda, ndiko kuti amake Chanda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati ku Mchinji kuja ndi kwa Angoni. Ndinavomera ndikupukuta m'maso. Mayi uja anatembenuka n'kufuula mawu a Chibemba kumzere wonse. Makina onse analeka kulira nthawi imodzi.

Zimene Che Saidi ankaseka ndi izi. Ku Zambia, Abemba ndi Angoni ali pa chibale chonyozana chimene amati chimbuya. Makolo awo akuti anamenyana, osagonjetsana, n'kutsala ndi nkhondo ya pakamwa. Amanyozana pamsika, paukwati, makamaka pamaliro, pomwe Mbemba amapaka Mngoni woferedwa ufa kumaso, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Abemba amati Angoni, anthu a kum'mawa, amadya mbewa, Angoni n'kumati Abemba amadya anyani. Ine zonsezi ndinazimva pambuyo pake. Panthawiyo ndinangoona matelala asanu akubwera mondondozana, nkhope zili zachisoni. Anagoneka makina anga pa thabwa lositira, anawafunditsa nsalu yoyera, n'kuwanyamula pamapewa kuzungulira nawo mzere wonse akung'ung'udza ngati kwaya ya pamaliro. Mayi wina wogulitsa tomato anadziponya pansi n'kumalira ngati wamasiye.

Bana Chanda anapera choko chathu cholembera nsalu m'dzanja lake, n'kundipaka pamphumi ndi m'masaya. Kenako anakwera pa mpando kuti anene mbiri ya malemu.

"Abale, malemu anali munthu wa nchito. Koma anavutika maningi mu manja ya ba kum'mawa. Mafuta sibanamupase, benze kumupasa supu ya mbeba."

Poyamba magazi anandithamangira kumutu. Ine ndili pamavuto, anthu akundiseka. Koma ndinakumbukira adzukulu a kwathu, momwe amaseketsera anamfedwa kumanda mpaka mayi amene wakhala masiku osadya amamwetulira. Ndinaimirira, choko chili mbuu kumaso, n'kupempha kuti banja nalo liyankhulepo. Ndinati malemu agwira ntchito ku Malawi kuyambira mwana wanga asanabadwe osadwala ngakhale chimfine, koma atangopuma mpweya umodzi ndi anthu odya anyani, masiku ochepa okha, ndi uyu wagona apayu. Ndinapempha kuti asanaikidwe tiyambe tasecha m'matumba mwa onyamula bokosi, mwina china chasowa kale.

Msika unaphulika. A Mulenga anavula magalasi n'kumapukuta misozi, onyamula maliro anatsala pang'ono kugwetsa mtembo. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo chinthu chimene chinandikhala pachifuwa kuyambira dzulo lake chinamasuka.

Kenako bana Chanda analengeza kuti yakwana nthawi ya chipepeso. Ndinaganiza kuti nthabwala ikupitirira. Iye anatenga thumba langa, anayala zidutswa patebulo lake, anaziyang'anitsitsa, n'kunena kuti kwa munthu wodya mbewa ndimadula bwino. Anandifunsa momwe ndinkafunira khosi ndi manja, ine ndinajambula ndi choko patebulo pomwepo. Basi aliyense anatola chake. Bambo wina wa ndevu anatenga manja onse awiri. Mayi wina anatenga siketi, mnzake nsalu ya m'kati, wina duku ndi lamba. Ntchito za makasitomala awo anazikankhira pambali. Chidutswa cha pachifuwa bana Chanda anandipatsa ine, n'kundikokera pa makina ake omwe kuti ndisoke ndekha monga mayi wake wa mwana.

"Ichi musoke mweka. Ndimwe banyina."

Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, choncho onse anali pa makina opondera. Kwathu ndimasoka ndekha pakhonde, phokoso la makina anga okha ndi nkhuku. Apa makina asanu ndi limodzi anayamba kulira pamodzi, onse pa diresi limodzi la mwana wanga, ndipo ndinachita tsembwe thupi lonse. Anthu amene m'mawa womwewo sankadziwa kuti ndili padziko anali atawerama, mapini ali pakamwa, akufuulirana miyeso ya chiuno cha Tadala. Bambo wa ndevu anasoka dzanja, analiyang'ana padzuwa, anaona kuti lakwinyika pang'ono paphewa, n'kulisomola lonse popanda womuuza. Kunyozana sikunaleke. Aliyense wobweretsa chidutswa chake ankabwera ndi chipongwe chake, ine n'kumubwezera.

Masana anandigulira chikanda, chakudya chawo chooneka ngati nyama koma chopangidwa ndi timizu ndi nsinjiro, chotsabola bwino. Ndinafunsa kaye ngati mulibe mchira wa nyani. Ndinadya zidutswa zitatu.

Dzuwa litapendeka, diresi linali pa hang'ala, lositidwa ndi simbi yamakala. Kunatsala kupinda m'munsi basi, zimene zimafuna mwini wake atavala. Nditagwira kachikwama kanga bana Chanda anandimenya padzanja, amvekere pamaliro salipiritsa. Ndinangowagulira munkoyo, thobwa lawo la mizu, botolo lalikulu. Makina anga a Mulenga anawaika pa shelefu ya pansi, pakati pa anzawo, kuti adikire chitsulo cha ku Kitwe. Ndinawasisita pamsana ndisanatuluke.

Tadala anali ku Woodlands kwa mayi amene ankamulangiza za banja. Minibasi inandisiya pamsewu wa zii, wa mipanda italiitali. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, ndipo maluwawo anayala msewu wonse, moti ndinkachita manyazi kuwaponda. Phokoso la m'tauni ngati kulibe. Mzinda womwewo, tsiku lomwelo. M'minibasi anthu ankandiyang'ana n'kumamwetulira, ine n'kumati akusirira diresi. Mlangizi uja atatsegula geti anandiyang'ana kumaso, anaseka, n'kundifunsa ngati ndakumana nawo kale akuchimuna. Choko chija ndinali ndisanapukute. Mwamuna wa Tadala ndi Mbemba wa ku Kasama.

Tadala anavala diresi kuchipinda. Linamukhala ngati anabadwa nalo. Anazungulira pagalasi, kenako anachita zimene ndinamuphunzitsa ndekha, anapinda dzanja la diresi kuti aone msoko wa m'kati. Anayang'ana pachifuwa, anayang'ana siketi.

"Amayi, apa ndi inu. Koma apa si inu. Makina ali kuti?"

Ndinamuuza zonse, kuyambira Lachinayi. Anaseka pa nkhani ya mbewa, kenako anasiya kuseka, n'kundifunsa chifukwa chake sindinamuimbire. Ndinati aime mowongoka. Ndinagwada, ndinatenga singano ya pamanja, n'kuyamba kupinda m'munsi mwa diresi, iye akutembenuka pang'onopang'ono, dzanja lake lili pamutu panga.

Chiyambire nkhani ya ukwatiyi panali chinthu chimene sindinauze munthu. Ndinkaopa kusiya mwana wanga mumzinda waukulu chotere, pakati pa anthu amene chiyankhulo chawo sindichimva, poganiza kuti tsiku limene zinthu zidzamuthyokere m'manja adzakhala yekha pabenchi. Tsopano ndaona zimene anthu amenewa amachita ndi mlendo wolira. Amayamba amuseka, kenako amagawana katundu wake.

Lamlungu ndinakwera basi ya ku Chipata wopanda cholipirira mpando wachiwiri. Ku Lusaka ndinasiya makina anga ndi mwana wanga, onse awiri m'manja mwa Abemba, ndipo ndinagona tulo njira yonse.