Mabowo a M'kalavani ya aMagombo

Ndikamva fungo la palafini, ngakhale kuno ku Bolton, ku Mangalande, kumene palafini ndi wosowa, amene amandifikira m'maganizo ndi aMagombo. Ndimawaona atakhala pakhomo la kalavani yawo ku Dedza, chipewa chaubweya chitaphimba makutu, akusenda waya ndi kampeni, nkhungu ya mwezi wa Juni ikutsika m'phiri n'kumanyowetsa zovala pachingwe, ndipo kumbuyo kwawo kahita kapalafini kakulira chapansipansi ngati mphaka wokhuta.

Tinali oyandikana nyumba. Unyamata wawo wonse anathera pa ntchito ya magetsi kwa anthu omanga misewu, amene ankagona m'makalavani n'kumawakoka ndi thirakitala msewu ukamasendera kutsogolo. Ntchito itatha anawasiyira kalavani yokalamba kuposa onse. Akazi awo atamwalira, akuchikazi anawasudzula kuti abwerere kwawo, koma kwawoko kunalibenso wowadziwa. Bambo anga anawapatsa kamalo kuseri kwa khola la nkhuku. Kalavani anaikhazika pa njerwa, matayala osachotsa.

"Akandithamangitsanso ndingobwereka ng'ombe ziwiri," ankatero.

Makalavani ankawadziwa ngati mmene ena amadziwira ziweto zawo. Ine pobwera kudzawasesera, ankandifotokozera mitundu yake ngati ndine wogula. Oyamba, onga yawoyo, ankafunditsidwa ndi palafini, ndipo m'mawa makoma ankachucha thukuta. Obwera pambuyo pake anali ndi hita ya gasi yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja, ndipo amenewo ankawalemekeza. Omaliza anali a mabwana, mazenera akuluakulu, hita ya magetsi.

"Okongola ngati mkwatibwi," ankatero. "Koma jenereta ikazima, bwana ankanjenjemera limodzi ndi mlonda wake."

Tsiku lina fyuzi ya m'nyumba mwathu inapsa katatu amayi akusita. Bambo anatopa nayo, anatenga msomali n'kuulowetsa m'malo mwake. Magetsi anayaka, ife ana tinaomba m'manja. AMagombo atamva, anabwera akupukuta manja pathalauza, anazimitsa magetsi onse, n'kuzula msomali uja.

"Achimwene, fyuzi ndi mlonda amene amavomera kufa kuti nyumba itsale. Msomali sufera munthu. Ikapsa, muzifunsa chifukwa."

Anatembenuza simbi ya amayi, ndipo chingwe chake chinali chosupuka, mawaya akukhudzana.

Koma chimene sindidzaiwala ndi masana ena ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. AMagombo anadwala malungo, palafini n'kuwathera. Amayi anayatsa mbaula n'kunditumiza nayo, nati ndiisiye pakhomo, chitseko chikhale chotsegula. Ndinawapeza akunjenjemera m'bulangeti, mano akugundana. Ndinawamvera chisoni. Mbaula ndinailowetsa, chitseko n'kutseka. Nditakhala pansi ndinamva kamphepo kakundiluma kumapazi, ndipo nditafufuza ndinapeza mabowo, lina pansi pa kabati, lina pafupi ndi khomo, otchingidwa ndi kasefa kawaya. Ndinaganiza kuti kalavani yabooka chifukwa cha ukalamba. Ndinatola nsanza ndi makoko a chimanga n'kutseka bwinobwino, ndikudziyamikira mumtima.

Munafunda. AMagombo analeka kunjenjemera. Ine mutu unayamba kulemera, zikope n'kumagwa zokha, ndipo ndinatsamira khoma kuti ndipumeko pang'ono.

Ndinadzidzimukira pa udzu wonyowa ndikusanza. Makala anali atamwazika pabwalo, nkhuku zikuthawa, aMagombo akukwawa pambali panga, bulangeti lili m'chiuno. Kupweteka kwa mutu kunawadzutsa, ndipo ataona mbaula anaikankhira kunja ndi phazi, ine n'kundikoka mwendo. Amayi anafika atathyola kale kamtengo.

"Msiyeni mwanayu," anatero aMagombo akupuma movutikira. "Wachita chifundo. Kungoti chifundo chake chinalibe maso."

Atachira anandiitana. Sanandikalipire. Anati ndichotse ndekha nsanza zija, kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pabowo.

"Ukumva, Esinati? Ikupuma. Mpweya woipa wa makala suoneka, sununkha. Gasinso akadontha amatsikira pansi ngati madzi, ndipo amatulukira pomwepa. Kuzizira ukudana nakoku ndi kumene kukukusunga."

AMagombo anamwalira ndisanakwatiwe. Amuna anga, bambo a Tadala, sanawaonepo, koma nkhaniyi anaimva mpaka kutopa nayo. Ndikangotsegula zenera pophika ankati, "Ayambapo aMagombo."

Kuno tinabwera pa ntchito ya amuna anga yosamalira okalamba, ndipo ine ndimachapa ndi kusita zovala pa nyumba ina ya okalamba. Patapita zaka anagula kalavani yakale, n'kumaisunga pa famu ina kunja kwa tauni. Nyengo yotentha ankatikokera nayo kunyanja. Za mkati mwake ankazidziwa okha. Ine changa chinali kulongedza mapoto.

Chaka chatha bambo a Tadala anatisiya, mtima unangoima. Kalavani inakhala chitsekere, jekete lawo likulendewera kuseri kwa chitseko. Pasaka atayandikira, adzukulu anga anayamba kuvuta kuti akufuna kunyanja ngati kale. Mwana wanga Tadala, amene ndi namwino ku Salford, analankhula mosabisa.

"Amama, chinthucho n'chakale, ndipo wochidziwa anapita. Ana anga sindingawagoneke m'menemo. Tiigulitse, tione zatsopano."

Kuigulitsa kunali ngati kuwaikanso m'manda kachiwiri. Koma kugonekamo adzukulu osadziwa ngati ndi yabwino, ine amene ndinadzukapo pa udzu ndikusanza, sindikanatha. Buku lake linali m'kabati, la Chingerezi chokhachokha, ndipo ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4.

Tadala ananditengera kogulitsa makalavani. Wogulitsa ankalankhula, Tadala n'kumandimasulira. Atsopano enieni amafunda ndi madzi otentha oyenda m'mipope m'mbali mwa khoma, ndipo umangodina kagalasi. Apakatikati amauzira mpweya wofunda kuchokera pansi pa mipando. Onga yathuyo, ya hita ya gasi ndi chumuni, anati masiku ano akuchepa. M'malo mwa fyuzi yopsa, magetsi a makalavani onsewa ali ndi kaswichi kamene kamagwa kokha zinthu zikalakwika. Ndinamvetsera zonse, kenako ndinagwada m'kalavani yonyezimira kuposa onse n'kutsegula kabati ya pansi pa chitofu. Bowo linalipo, ndi kasefa kake.

"Amama, dzukani, anthu akutiona," ananong'ona Tadala.

Ndinadzuka mtima utapepukako. Zaka zonsezi, mitundu yonseyi, bowo la aMagombo sanalichotse.

Tinagwirizana kuti Loweruka m'mawa tikaone yathu tisanaganize zogulitsa. Mkamwini wanga, bambo a Mwai, anapita dzulo lake kukaikonzeratu. Ndi munthu wophunzira, wa ntchito ya makompyuta, ndipo maliro a apongozi awo anawasenza ngati mwana wobadwa m'nyumba. Chikwatirire mwana wanga sindinawatsutsepo. Tikakumana ndimapereka moni ndikuyang'ana kumbali, monga ndinaleredwera.

Tinalowa atatu. Munali mosesa, mofunda, mwa bata. Bata limenelo ndi limene linandidabwitsa. Ndinavula nsapato imodzi n'kuponda pafupi ndi khomo. Kamphepo kunalibe. Nditayang'ana kabokosi ka magetsi, kaswichi kaja kanali katamatidwa ndi tepi yakuda.

"Kakumangogwa ndikayatsa kahita ka magetsi kamene ndabwera nako," anafotokoza bambo a Mwai akuyang'ana Tadala. "Kakalamba, kachita mantha. Mabowo a pansiwo ndamata chakunja, ana angatenge chimfine."

M'kalavani mulibe kumbali koti n'kuyang'ana. Ndinayang'ana jekete la malemu.

"Tadala, uwauze bambo a Mwai kuti agwira ntchito yaikulu. Koma uwapemphe kuti mabowowo atsegule."

"Tadala, uwauze amayi kuti mabowowo ndi mapangidwe akale. Masiku ano nyumba timatseka mphepo."

"Uwauze kuti ngakhale atsopano aja ali nawo. Ndinagwada, ndinaona."

"Koma inu," anatero Tadala, "mwayandikana moti mukupondana zala, ine ndasanduka foni?"

Palibe anaseka. Ndinaona kuti mkamwini wanga wachita manyazi, ndipo munthu wamanyazi sabwerera msanga. Ndinangogwada monga ndinachitira kogulitsa kuja, ndinatsegula kabati ya pansi pa chitofu, n'kuyamba kutulutsa mapoto kuti aone okha. Nditachotsa poto womaliza, ndinaona zolemba pathabwa, pamwamba penipeni pa bowo, zilembo zikuluzikulu za cholembera chakuda, zopendekeka ngati mmene bambo a Tadala ankalembera pa makatoni otumiza kumudzi. Zimenezo sindinafune wondiwerengera.

OSATSEKA. ANATERO AMAGOMBO.

Ndinakhala pansi pomwepo. Munthu uja ankandiseka zaka zonsezi, osandiuza kuti anamva.

Tadala anawerama, anawerenga, n'kugwira pakamwa. Bambo a Mwai nawo anawerama, ndipo anakhala chiweramire kanthawi.

"AMagombo ndi ndani, amayi?" Aka kanali koyamba kundifunsa osadzera mwa mkazi wawo.

Ndinawauza zonse, za msomali, za mbaula, za makoko a chimanga, ndipo za kusanza pa udzu sindinabise. Nditamaliza anatuluka panja. Tinawamva akukwawira pansi pa kalavani, pa miyala yonyowa, atavala jekete lawo labwino. Tepi inalira ikumatuka, ndipo kamphepo kozizira kanandiluma kuphazi lopanda nsapato. Atabwerera anamatulanso ya pa kaswichi.

"Ndiye kameneka tikafunse chifukwa," anatero.

Mkati mwa sabata tinaitana munthu woyeza makalavani. Anapeza kuti madzi analowa m'pulagi ya chingwe chotengera magetsi kunja, mkati mwake mutada ndi kupsa. Kaswichi sikanali ka mantha, kankanena zoona. Anasintha chingwecho, anayatsa hita ya gasi, moto wake unali wabuluu bwino, chumuni chosatsekeka. Pakhoma anamatapo kachipangizo kolira mpweya woipa ukachuluka. Pochoka anauza Tadala kuti kalavaniyi ndi yokalamba, koma amene ankaisamala ankadziwa chimene akuchita. Tadala atandimasulira, ndinapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira tsiku la maliro. Za kugulitsa sanazitchulenso.

Pa Pasaka tinapita kunyanja, bambo a Mwai akukoka. Mphepo ya kumeneko ndi mphwake wa mphepo ya ku Dedza. M'mawa woyamba mdzukulu wanga Mwai anatsika pabedi, anaponda pansi, n'kudandaula m'Chingerezi chake kuti agogo, mapazi akuzizira, pali bowo. Chichewa amamva, kungoti sayankha. Ndinagwira kadzanja kake n'kukaika pa kasefa kaja.

"Ukumva? Ikupuma."

Kenako ndinapisa m'thumba la jekete la kuseri kwa chitseko, mmene agogo ake aamuna ankasungamo masokosi aubweya, n'kumuveka onse awiri.