Mtsetse Umene Kalisto Sankatsika

Ku Vubwi, aliyense amene njinga yake inathyokapo sipoko amamudziwa Kalisto Sakala. Amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ali ndi bokosi la masipanala, pampu ndi beseni la madzi akuda loonera pamene chubu chabooka. Ntchitoyi anaiphunzira kwa amalume ake ku Katete ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo lero imvi zili mbuu. Ndi munthu wa mawu ochepa. Khalidwe lake limodzi ndilo limatopetsa anthu: ungabwere kudzangomatitsa chubu, iye sakubwezera njinga asanagwire mabuleki onse awiri, kuikankha, kuiimitsa, kuikankhanso. Anthu ankati ndi kukhwima pa ntchito. Chifukwa chake chenicheni, kwa zaka khumi ndi zinayi, ankachidziwa yekha.

Kalisto anali ndi mlamu wake dzina lake Evaristo, mwamuna wa mlongo wake wamng'ono Winfrida. Awiriwa anali pa ubwenzi chilamu chisanabwere. Ankapalasa limodzi tinjira ta m'mapiri, kunyamula nshawa kupita nazo kumisika ya m'malire, ndipo panalibe khwawa kapena chulu chimene sankachidziwa.

M'mawa wina mu Ogasiti 2009, Evaristo anafika pa mango paja ndodo ya buleki ya kumbuyo itaduka. Kalisto analibe ina, ndipo anthu asanu anali akudikira. Anatenga waya wa mpanda, anapotokola kawiri katatu, n'kumanga.

"Igwira iyi, alamu?" anafunsa Evaristo.

"Igwira. Mpaka ku Chipata ndi kubwerako."

Evaristo anakweza matumba atatu a nshawa n'kudzera njira yachidule ya ku Kanyerere, mtsetse wautali umene umatsikira ku damu ndi kukhota pa mwala waukulu. Amayi amene ankachapa ku damuko anamva belu likulira osalekeza kuchokera pamwamba, likuyandikira, kenako zii. Evaristo anamwalira pa ngolo asanafike kuchipatala.

Kalisto atamva anathamangira komweko. Njinga inali gone m'udzu, nshawa zili mbwee m'njira. Asanakhetse ngakhale msozi umodzi, anagwada, anamasula kachidutswa ka waya kamene kanatsala, n'kukaponya m'damu. Palibe anamuona.

Pa maliro anthu anayamba kunong'onezana. Munthu wodziwa njira ngati Evaristo angagwe bwanji dzuwa lili pamutu? Zala zinaloza a Amos, atate ake aang'ono a malemuwo, amene anakangana nawo za malire a munda miyezi iwiri m'mbuyomo. Kalisto ankamva zonsezi atakhala pa chipika, koma sanatsegule pakamwa. Dzinja lisanafike, a Amos anasamuka ndi ana awo kupita ku Mozambique, chifukwa panalibenso wowapatsa moni.

Kuyambira pamenepo Kalisto anayamba kumva belu. Silinkabwera m'tulo ayi. Linkabwera masana, iye akupalasa yekha pakati pa minda ya thonje. Amva ngili ngili kumbuyo, apatuke kuti mnzake adutse, acheuke, n'kuona njira ili yokha. Anachotsa belu la pa njinga yake, poganiza kuti mwina likugwedezeka lokha ndi mabampu, koma sizinasinthe. Ku Kanyerere sanapondekonso. Akafuna kupita kutsidya kwa damu ankazungulira pamsewu, ulendo wa maola awiri. Chaka ndi chaka ankalima munda wa Winfrida asanagwire wake, anamufolerera nyumba kawiri, ndipo Gloria, mwana wa Evaristo, anakulira pa keliyala ya amalume ake popita kusukulu.

Mu Meyi 2023 pa mango paja panaima galimoto itanyamula njinga ziwiri zamatayala okandapala. Munatuluka mayi wachitsikana, Towela Zulu, mphunzitsi wa ku Chipata. Iye ndi anzake anali ndi gulu lopalasa njinga za m'mapiri, ndipo ankafuna kukonza mpikisano wodutsa m'tinjira ta kumidzi, osati m'misewu.

"Aliyense amene ndamufunsa wandituma kwa inu, a Sakala," anatero. "Akuti njira zonse zili m'mutu mwanu."

Kalisto anayamba wagwada kuyang'ana buleki ya njinga ya mlendoyo, kambale kachitsulo kopanidwa pakati pa wilo. Anali asanaionepo pafupi. Atagwira chogwirira ndi chala chimodzi, wilo linaima nji.

"Chabwino," anatero. "Mubwere Loweruka."

Maloweruka atatu anapalasa limodzi, Towela pa njinga yake ya magiya, Kalisto pa yake yakuda yakale, atamanga chigubu cha laimu kumbuyo chopakira miyala kuti opikisana asasochere. Anadutsa m'mizere ya mango pamene panali midzi yakale, m'mphepete mwa madimba a nzimbe, pa mathanthwe pamene matayala amangoti tswa tswa, ndi pamwamba pa zitunda pamene ukaima umaona mapiri a ku Malawi mbali iyi, a ku Mozambique mbali inayo. Kalisto anadabwa kudzipeza akuseka pamene Towela anatitimira m'matope mpaka m'mawondo. Masiku amenewo belu silinamveke.

Loweruka lachinayi Towela anaima pa mphambano n'kutulutsa foni.

"Mapu akusonyeza kanjira apa, kotsikira ku damu. Nthawi zonse mumandizungulitsa. Kali ndi vuto?"

"N'koipa."

"Koipa ndi kamene tikufuna," anatero Towela akumwetulira, ndipo anakhotetsa njinga.

Kalisto anamutsatira mpaka pamwamba pa Kanyerere, pamenepo anaima. Mitengo inali itakula, koma njira inali yomwe ija, yofiira, yokumbika ndi madzi. Anaona chisoti cha Towela chikutsika, chikuchepa, n'kubisika kuseri kwa thengo. Anamva mabuleki akulira kamodzi. Kenako kunalibe chilichonse, ngakhale mbalame.

Anagwetsa njinga n'kuyamba kuthamanga. Anaterereka, anadzuka, anaterereka kachiwiri n'kung'amba buluku pa bondo. Atafika pokhota anapeza Towela atakhala pa mwala womwe uja, akumwa madzi, akuyang'ana damu limene linali phee, ng'ombe zikumwa kutsidya.

"A Sakala, mwatani?"

Kalisto anakhala pansi m'fumbi. Mwina chifukwa mayiyo anali mlendo, wosadziwa Evaristo kapena a Amos, mawu anatuluka okha. Ananena za waya, za yankho limene anapatsa mlamu wake, za kachidutswa kamene kali pansi pa madzi, ndi za nkhalamba imene inathawa mudzi iye ali chete.

Towela anamvetsera mpaka kumapeto. Anamupatsa botolo la madzi.

"Mtsetse uno nditha kuuchotsa mu mpikisano," anatero. "Zimenezo n'zapafupi. Koma nkhani mwandiuzayi si yanga. Eni ake alipo?"

"Alipo."

"Ndiye mwauza munthu wolakwika."

Mawa lake atachoka kutchalitchi, Kalisto anapita kwa Winfrida. Anamupeza pa mphasa pakhonde akusenda nshawa. Anakana mpando, anakhala pansi, n'kunena zonse maso ali pa lichero. Manja a Winfrida sanaime. Ankangosenda, nshawa imodzi, ina, ina.

"A Amos anamwalira liti?" anafunsa patapita nthawi.

"Zaka ziwiri zapitazo."

"Ine ndinawalavulira, achimwene. Pa manda a mwamuna wanga, anthu akuona, ndinawalavulira pa malaya. Inu munali pomwepo."

"Ndinali pomwepo, amake Gloria."

"Ndiye munda uja mumalima chaka ndi chaka, denga ili, ine kumati ndili ndi mlongo wachikondi."

"Chinali chikondi."

"Mwina," anatero Winfrida. Ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba.

Miyezi iwiri sanamulankhule. Akakumana pamsika ankayang'ana kumbali. Belu linabwerera, tsopano ngakhale ali pa mango pake, moti ankadzutsa mutu kuti alandire kasitomala amene kunalibe.

Mpikisano unachitika mu Julayi, ndipo Kalisto anauza Towela kuti Kanyerere asauchotse. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti iye aime pamwamba ndipo pasatsike njinga imene sanaigwire. Opikisana makumi anayi ndi atatu, a ku Chipata, ku Katete, ku Sinda ndi ku Lusaka, anaima mmodzimmodzi pamaso pake, ena akudandaula kuti nthawi ikutha. Awiri anawatsitsa kuti atsike akukankha. Onse anafika ku damu ali bwino.

Patapita milungu itatu Winfrida anafika pa mango atavala chitenje chatsopano.

"Mawa munditengere kwa ana a a Amos," anatero. "Mukanene pamaso pawo zimene munandiuza. Nanenso ndili ndi zanga zokanena."

Ananyamuka dzuwa likutuluka, Winfrida atakhala pa keliyala, ndipo anawoloka malire pa kamtsinje kouma kamene ana amadutsa poweta mbuzi. Felix, mwana woyamba wa a Amos, anawalandira pansi pa nkhokwe. Kalisto analankhula, kenako Winfrida. Felix sanakweze mawu. Anawatengera kuseri kwa mudzi n'kuwaonetsa manda opanda mtanda.

"Atate anadwala miyezi isanu," anatero. "Tsiku lililonse ankafunsa ngati kwabwera munthu wochokera kwathu. Mwabwera, tathokoza. Koma sanatukwanidwe kuno. Mukanene kumene anatukwanidwa."

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, Kalisto anaimirira kutsogolo kwa tchalitchi n'kunena kuti a Amos sanaphe munthu. Ananenanso za waya. Ena mwa amene analoza zala kale anali atakhala m'mabenchi a kutsogolo, ndipo anaweramitsa mitu. Alipo amene anasiya kubweretsa njinga zawo kwa iye. Ambiri amabwerabe, chifukwa palibe wina wowongola wilo ngati iye.

Winfrida sananenepo kuti wamukhululukira. Chimene Kalisto amasunga mumtima ndi mawu amene mlongo wake ananena tsiku lija akubwerera kuchokera kwa Felix. Anali atatsika pa chitunda china kuti akankhe njinga, onse ali wefuwefu.

"Matumba atatu," anatero Winfrida, osamuyang'ana. "Ndinawauza m'mawa umene uja kuti awiri akwana. Nawonso atate ake Gloria sankamva."

Anayenda pang'ono. Kenako anauza mchimwene wakeyo kuti Gloria ali ndi pakati, ndipo adzafunika munthu womuperekeza kuchipatala mwezi wa Disembala, mvula itayamba.