Ng'ala ya a Yobe ndi Diso la Mphamba

A Yobe anachoka ku Phalombe akadali mnyamata, nadzakhala tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu. Zaka makumi awiri ndi zinayi anasankha fodya m'chigafa, m'fumbi loyabwa lija, ndipo tsamba ankalidziwa mtundu wake asanalitambasule. Chaka ndi chaka ankapempha magalasi otchinga m'maso. Kapitawo wawo, a Ernest, ankangoseka, ati fodya sasankhidwa ndi munthu wovala mawindo.

Kenako diso lamanzere linachita ng'ala, lamanja nalo nkuyamba chifunga. A Yobe anabisa, pakuti wosankha fodya akasiya kuona amachotsedwa, ndipo nyumba ya paesiteti imapita limodzi ndi ntchitoyo.

Tsiku lina mphamba imene inkatha anapiye a akazi awo, a Mervis, inakodwa mumsampha. Ataigwira kuti aipotole khosi, anaona kanembanemba koyera kakudutsa padiso lake. Sanaiphe. Anati imeneyi ndi mnzawo, nayonso ili ndi ng'ala. Anaisunga m'dengu, nkumaidyetsa mbewa, mpaka kuidonthezera mankhwala awo a m'maso ochokera kuchipatala. A Mervis anakalipa masiku atatu.

Tsiku lachinayi kamvuluvulu ataulutsa fumbi pabwalo, a Yobe anayandikira mphamba ija nkuiyang'anitsitsa. Kanembanemba kaja kankachokera chakumlomo, kusesa diso chopingasa, nkubwerera, diso nkutsala lowala mbee. Sinali ng'ala ayi. Chinali chikope chachitatu, chimene Mlengi anaipatsa kuti fumbi ndi zikhadabo za nyama yogwidwa zisaiwononge maso.

"Amayi," anatero kwa akazi awo, "wakuba anapiye uyu Mulungu anamuganizira. Ine wosankha fodya, anthu anzanga anandimana galasi."

M'mawa mwake anaimasula, napita kuchigafa. Anauza a Ernest poyera kuti sakuonanso bwino, natchula fumbi limene linawapha maso, osankha anzawo onse akumva. A Ernest anawaikira masamba awiri patebulo kuti awayese. A Yobe anawasiyanitsa ndi zala zokha, osaphonya. Koma a Ernest anawachotsabe ntchito, ati ndi ukalamba. Ukalamba wanji munthu asanakwane zaka makumi asanu?

Lero amakhala kwa Lukwa, m'kanyumba kamene a mpingo anawafolera, ndipo amaluka madengu mopapasa. Osankha fodya pa esiteti ija akupukutabe m'maso ndi malaya.