Abiti Sufiyani ndi Mabuku a Zulfa

Pamsika wa Ntaja palibe amene sawadziwa a Lukiya, omwe timangowaitana kuti Abiti Sufiyani. Amagulitsa usipa pafupi ndi pomwe ine ndimayala tomato, ndipo ndinene mosabisa, sindinaonepo munthu wokayikira zinthu ngati iwo. Usipa woti asankha okha amaununkhizabe akafika nawo pabenchi. Wakabaza akawapatsa moni waulemu kwambiri, iwo amayamba agwira kachikwama kawo.

Sukulu sanaipondepo. Anaphunzira kumadirasa basi, ndipo Kurani amaiwerenga bwino zedi. Anakwatiwa ali kamtsikana, ukwatiwo unatha, n'kutsala ndi mwana mmodzi, Zulfa, amene pano ali Sitandade 7. Pa mwana ameneyu ndiye safuna zamasewera.

Kusukulu kwa Zulfa kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Balaka, a Chimango, amene anayamba kubwereketsa ana mabuku okawerenga kunyumba. Makolo ena anayamikira. Abiti Sufiyani anangopukusa mutu.

"Mwamuna wakwina, mkazi wake sitikumudziwa, n'kumapatsa ana aakazi mabuku? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anandiuza.

Anaika lamulo loti buku lililonse liziyamba ladutsa m'manja mwawo. Zilembo za Chichewa sazidziwa, ndiye ankaweruza ndi zithunzi. Mabuku a mbuzi ndi a mitengo ankadutsa popanda mlandu. Koma tsiku lina anafika pamsika nkhope ili gwa, atakulunga buku m'chitenje ngati mankhwala a makoswe. Sanalole n'komwe kuti ndilikhudze.

"Ndaona ndekha," anatero. "Poyamba kamtsikana kali mu yunifolomu, kakumwetulirana ndi mphunzitsi. Kenako mphunzitsiyo wakagwira dzanja panjira. Kenako kali pakhomo pa chibambo chachikulu, mwana kumbuyo. Pomaliza kakulira. Akuwazoloweretsa ana athu, amwali. Zulfa kusukulu kumeneko sapitanso."

Ndinachita mantha, chifukwa mayi amenewa akanena sabweza. Ndinawanyengerera kuti akayambe amva mbali ya mphunzitsiyo, ndipo ndinawaperekeza. Sindikana, nanenso ndinkafuna kudzionera ndekha.

Tinawapeza a Chimango pakhonde la kalasi. Abiti Sufiyani sanadikire moni kuti uthe. Anawakhuthulira zonse, mpaka ana anayamba kusuzumira m'mawindo. A Chimango anamvetsera, kenako anati, "Mayi, tandionetseni mmene munaliwerengera."

Abiti Sufiyani anamasula chitenje n'kutsekula bukulo kuyambira kudzanja lamanja, monga amatsekulira Kurani. Moyo wawo wonse buku amalitsekula choncho. Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

A Chimango sanaseke. Analitembenuza n'kuyambira mbali inayo, tsamba ndi tsamba. Mtsikana akulira pa tsiku lomukwatitsa. Ali pakhomo pa mwamunayo ndi khanda. Mphunzitsi wabwera kudzamutenga. Pomaliza ali m'kalasi, wavala yunifolomu.

Abiti Sufiyani analanda bukulo. Analiyenda kuchokera uku, n'kuliyendanso kuchokera uko, maso ali pa a Chimango ngati awasinthira masamba.

"Ndiye mukuti anachoka kwa mwamuna n'kubwerera m'kalasi?"

"Eya, mayi."

"Ndi mwana kumbuyo?"

"Ndi mwana yemwe."

"Iyayi, aphunzitsi. Mmene ndinawerengera inemo ndi mmene zimayendera kuno. Mbali yanuyi ine sindinaionepo."

Kuseka konse kunandithera, ndipo ndinawamvera chisoni anzangawo. Kupepesa sanapepese. Anangouza a Chimango kuti amuitane Zulfa. Mtsikanayo anatuluka atazyolika ndi manyazi, ndipo mayi ake anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kumupatsa bukulo.

"Werenga mokweza, kuyambira komwe ayambira aphunzitsiwa," anatero. "Usadumphe tsamba. Ndikufuna ndimve kuti anamulola ndani kubwerera m'kalasi."