Achibale a Kafe

Chinali chaka cha 1986, ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinkakhala kumtunda kwa Ntengo-Wambalame, kwawo kwa bambo, poti amayi anabwera chitengwa. Bambo anga, a Mateusi, anali atatengedwa kupita ku tropa, kuusilikali. Pakhomo tinatsala amayi, ine ndi agogo aamuna.

Ali mnyamata, agogo anaphikirapo Mpwitikizi wina ku Tete. Chuma sanabwere nacho. Anabwera ndi chibaba cha kafe, amene a ku Malawi amati khofi. Nkhondo itatseka misewu, m'loja, kunena m'sitolo, munasowa ndi mchere womwe, nanji kafe. Koma agogo sanagonje. M'mawa uliwonse, nkhungu ikadali phee m'minda ya mbatatesi, ankakhala kuseri kwa nkhokwe ndi phale, akukazinga chilichonse chimene chikanatha kuda, tirigu, chimanga, soya, njere za therere, ndipo utsi wake unkatilowa m'zovala mpaka anzanga ankandifunsa ngati ndagona m'phale.

Akasinja ndi kusefa pakansalu, ankaitana mnansi wathu, a Simawu, kuti adzalawe nawo. Chakumwa chilichonse agogo ankachipatsa ubale.

"Tirigu uyu ndi msuweni wa kafe," ankatero. "Nkhope afanana, mtima ayi."

"Nanga chimanga, achikulire?"

"Ameneyo ndi mkamwini. Tikungomusunga poti tilibe wina."

Therere anali mng'ono wake wa kafe. Soya anamupitikitsa tsiku loyamba lomwelo. Anati si m'bale, ndi munthu wongodutsa.

Kafe weniweni analipo. Zinali njere zosakazinga zodzaza dzanja limodzi, m'kachitini kotsomeka kudenga. Palibe ankakakhudza.

"Uyo ndiye mwini mbumba," ankatero agogo. "Tidzamutsitsa tsiku lobwera Mateusi."

A Simawu ankadutsa malire ndi mbatatesi kukagulitsa ku Malawi. Tsiku lina anabwerako ndi mabotolo awiri a refresko, zakumwa zotsekemera zija, lina la lalanje, lina lakuda. Tinalandirana kachikho kamodzi. Ine ndinameza mwaphuma, mpweya wake n'kunditulukira m'mphuno. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

"Yakuluma, bwanawe? Imaluma osadziwa kumwa."

Analawa ya lalanje, nayendetsa m'kamwa. "Awa ndi madzi a shuga ovala suti." Analawa yakudayo. "Uyu ndi mbala. Waba khungu la kafe."

"Achikulire, mbalayo mwaimwatu theka," anadandaula a Simawu.

"Ndikuifunsa mlandu. Isayankhe?"

Ine ndinanena poyera kuti lalanje yaposa achibale onse a kafe. Agogo anati lilime langa likadayamwa.

Mvula itatha zinthu zinaipa. Midzi ya kumunsi inapsa. Mabanja ankanyamuka limodzilimodzi kupita ku Malawi. Amayi anamanga katundu, agogo n'kumasula. Anamanganso, agogo n'kumasulanso.

"Mateusi akabwera adzalonjera ndani? Chitseko?"

A Simawu anawachonderera kuti aganizire mwanayu, kunena ine, poti anyamata a msinkhu wanga anthu a mfuti ankawatenga. Agogo anangoyang'ana kudenga. Tinakhala.

Tsiku lina masana ndinkachokera kudimba. Ndili pamtunda, mphepo inandibweretsera fungo limene ndinali ndisanalimvepo. Silinali la tirigu. Silinali la therere. Linali lolemera, lofika mpaka m'chifuwa, ndipo sindinafune wondiuza. Ndinataya khasu n'kuliyatsa liwiro, ndikukuwa njira yonse.

"Ababa abwera! Ababa abwera!"

Pabwalo ndinapeza a Simawu atakhala pansi, chipewa chili m'manja. M'nyumba amayi ankalira atatseka pakamwa ndi chitenje, poti masiku amenewo maliro sitinkalira mokweza. Agogo anali kuseri kwa nkhokwe, kachitini kali pambali, kopanda kanthu.

A Simawu anali atakumana kumsika wa kumalire ndi mnyamata amene anali limodzi ndi bambo anga ku tropa. Anawauza kuti bambo anafa kalekale, kumbali ya Chidzolomondo. Manda awo sitinawaone mpaka lero. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Agogo sanandiuze ndi pakamwa.

Anasinja. Anasefa. Anathira m'kapu yachitsulo ya bambo, imene inkakhala chozondoka chichokereni iwo. Anadonthetsera pang'ono pansi. Kenako anandipatsa ndi manja awiri.

"Imwani, bambo."

Chibadwire changa anali asananditchulepo inu.

Ndinamwa. Anali wotentha, wowawa, wopanda shuga. Sindinataye ngakhale dontho.

"Mwamuona bwanji mwini mbumba?"

Bodza sindinkalitha. "Lalanje ija inali bwino, agogo."

Anaseka, misozi ikutsikira m'ndevu. "Mateusi naye anatero, tsiku limene ndinamulawitsa."

Anamwa wawo pang'onopang'ono, atatsinzina. Wotsala anapatsa a Simawu. Atatha anaimirira, napita pakhomo la nyumba.

"Apongozi, mangani katundu uja. Sindimasulanso."

Tinadutsa malire m'mawa mwake. Agogo anayenda okha, anakana kuberekedwa. Anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, asanalawenso kafe, ngakhale msuweni wake.

Lero ana anga amandigulira kafe wa m'mapaketi ku Tete, wa mayiko osiyanasiyana, wina wodula mochititsa manyazi. Amandiyang'anitsitsa ndikamamwa, n'kufunsa wabwino ndi uti. Ndimalawa onse. Shuga sindithira. Ndimawayankha kuti onsewo ndi asuweni.

Tinataya izi: bambo, agogo, nyumba ziwiri, nkhokwe, ng'ombe zinayi, phale lija ndi kachitini. Kapu ilipo. Ndimamwera ndine.