A Sandifolo ndi Kabokosi Kosagona Tulo

A Sandifolo Mbewe amakhala moyang'anana ndi ine kuno ku Makwasha, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene pakhomo pake pali mtengo wa mapeyala wosabereka. Ndawadziwa kuyambira masiku amene ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya ana a ku mgodi, iwo akugwira ntchito pansi. Ndikulemba za iwo chifukwa palibe wina adzalembe. Ana athu obadwira kuno Chichewa amachimva ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. A bungwe lathu la maliro nawo, chindichotsereni pa ulembi n'kuikapo Gracian, munthu amene dzina la mudzi wa kwawo amalilemba mosiyana chaka chilichonse, sasunganso mbiri ya aliyense. Chimene amafunsa ndi msinkhu wa bokosi basi.

A Sandifolo anabwera kudziko la eni kuno asanamere ndevu, kuchokera ku Ntcheu kudzera ku Tete, pena pa lole pena wapansi. Ku mgodi wa asibesito ntchito yawo inali yolowa patsogolo pa anzawo. Akaphulitsa miyala utsi n'kutha, iwo ankalowa ndi chitsulo chachitali chimene tinkachitcha mgwala, n'kumagogoda denga la mwala. Mwala wolimba umalira ngati belu. Wong'ambika mkati umalira ngati ng'oma yonyowa, ndipo umenewo ankaugwetseratu anthu asanalowe. Ankandiuza kuti mwala umene umapha munthu suoneka mosiyana ndi unzake. Umangokhala chete mpaka utaufunsa.

Mgodi unatsekedwa, koma dzanja lawo palibe analiuza. Amagogoda chivwende pamsika, chidebe asanatungire madzi, khoma la tchalitchi, tayala la kombi, minibasi ya kuno, asanakwere. Pamaliro a mkazi wawo anagogoda chivundikiro cha bokosi anthu onse akuona, ndipo kalipentala amene anakhoma bokosilo sawapatsa moni mpaka lero.

Chaka chatha anagwa kuseri kwa nyumba akuthirira repu. Chifuwa chawo chinadzaza fumbi la ku mgodi kalekale, ndipo tsiku limenelo chinawabanika. Anagona pamzere wa repuwo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, pamene ndinapita kukabwereka wilibala n'kuwapeza nyerere zikuwakwera m'khosi.

Mwana wawo Phyless amakhala ku Mambo, ku Gweru, ndipo amagulitsa zovala. Atamva, iye ndi abale ake anakambirana pagulu lawo la pafoni, gulu limene mwini nkhaniyo mulibemo, n'kugwirizana kuti mdala asamuke. Ku Mamboko anawakonzera chipinda chimene mumakhala mabelo a zovala ndi firiji. Kulibe dimba, kulibe wolankhula naye Chichewa, ndipo manda a mkazi wawo ali kuno. A Sandifolo sanakane mokweza. Anangosiya kudya bwino.

Amene anabwera ndi nzeru ina anali Marvelous, mwana wa Phyless, mzimayi wa zaka za m'ma sate amene amagwira ntchito pa kakampani kopanga timakina tolondola magalimoto ndi mapampu a m'migodi. Anapanga kabokosi konga ka machesi, kovala m'khosi ndi chingwe, kokhala ndi batani limodzi ndi simu kadi mkati. Munthu akagwa kapena akadina batanilo, kamatumiza uthenga kufoni ya Phyless. Mayi ake anavomera monyinyirika. Kabokosiko kakamagwira ntchito, mdala akhale. Kakalephera, akwere kombi.

Tsiku limene anakabweretsa ndinalipo, pakhonde.

"Sekuru, kameneka nthawi zambiri kamakhala kali m'tulo," anatero Marvelous. Chichewa chake chimatsamira ku Chishona, koma amayesa, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho.

"Akazi anga, mwandibweretsera mlonda wogona?" anatero a Sandifolo, poti mdzukulu wawoyu amamutcha choncho kuyambira ali kumsana. "Ku mgodi woteroyo tinkamuti mampara, chitsiru. Ankalandira mbama."

"Akapanda kugona ameneyu, mawa lomweli afa ndi njala. Magetsi anu a ku Makwasha amabwera liti?"

"Akafuna."

"Ndiye nkhani yake."

Anafotokoza bwino, moti ine amene ndinaphunzitsa sayansi ndi choko chokha ndinamva. Batire la kabokosiko ndi laling'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mkati muli pulogalamu imene iye ankaitcha kenelo, kapitawo wa mapulogalamu ena onse. Kapitawoyu akaona kuti palibe ntchito, amayamba kuzimitsa ziwalo chimodzichimodzi. Tulo take si tamtundu umodzi. Pali kusinza, pamene ubongo wa kabokosi umaima koma zonse zili chire, moti kadzuka m'kuphethira kwa diso. Pali tulo teniteni, pamene wailesi yolankhula ndi netiweki imazimitsidwa. Ndiye pali tulo tofa nato, pamene chotsala maso ndi kawotchi kokha ndi kachiwalo komva kugwedezeka. Tulo tikakula batire limakhalitsa, mwezi ndi kupitirira, koma kudzuka kumachedwa ndipo kumadya moto wambiri, chifukwa wailesi ija iyenera kuyamba yafunafuna netiweki. Kuno netiweki ndi yofooka, ndiye imafunafuna mokuwa.

A Sandifolo anakavala, n'kunena kuti kakulemera ngati chithumwa cha munthu wosauka.

Sabata isanathe kabokosi kanafa. Phyless anadziwa chifukwa kankayenera kutumiza moni kamodzi patsiku, ndipo moniwo unasiya. Anandiimbira ine, osayamba n'kufunsa kuti ndadzuka bwanji, kuti ndikaone ngati bambo ake ali moyo. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Kabokosi tinakatumiza ku Gweru ndi dalaivala wa kombi. Kumeneko Marvelous anakaika patebulo, kolumikizidwa ku mita yake yoyezera moto, ndipo kanagona mwaulemu masabata angapo osadya kanthu. Anasintha batire n'kukabweza. Kanafanso. Anaganiza za kutentha, anaganiza za thukuta, anasintha simu kadi. Kanafanso.

Ine ndinanena poyera kuti zipangizo za masiku ano n'zachabechabe, ndipo maganizo amenewo sindinawasinthe pa zinthu zambiri. Koma Phyless sankafuna maganizo a munthu. Anauza bambo ake pafoni, mawu ake akumveka mpaka kwanga, kuti mvula yoyamba ikagwa abwera ndi chikwama, chifukwa sangalole kuti adzaterereke pamatope kabokosi kali chigonere ngati mwala.

Loweruka lina mwezi wa Okutobala Marvelous anabwera yekha, nati sachoka mpaka aone ndi maso. Sanatsegule chikwama cha zida. Anakhala pamkeka n'kumathandiza agogo ake kusenda mtedza, ine ndili pampando wanga wa masiku onse. Kunkatentha moti malata ankalira okha. A Sandifolo anamwa tiyi, anaika kapu pansi, kenaka chikhadabo chawo chinapita pachifuwa. Go, go. Anatsokomola, chifuwa chitadekha, go, go. Anafuna kuimirira kuti akathamangitse nkhuku za eni m'dimba, ndipo asanaimirire, go, go.

"Sekuru, mukuchita chiyani?"

"Ndikukafunsa."

"Kukafunsa chiyani?"

"Ngati kalipo. Kangokhala duu tsiku lonse. Ndidziwa bwanji kuti sikanafe?"

"Mumatero kangati patsiku?"

"Iwe umaphethira kangati?"

Marvelous anagwira kumutu, n'kuyamba kuseka mpaka mtedza unatayika. Anatsegula kabokosi, analumikiza mita ija, natiuza kuti tiyang'ane. Nambala inali pansi penipeni. Anati agogo ake agogode. Nambala inalumpha n'kukhala m'mwamba nthawi yaitali ndithu isanatsike. Kachiwalo komva kugwedezeka kankati mwina munthu wagwa, n'kudzutsa kapitawo. Kapitawo sankafunsa zambiri, ankadzutsa nyumba yonse, wailesi n'kuyamba kukuwira netiweki. Pofika poti aone kuti palibe wagwa, moto wapita kale. Kasanafike n'komwe ku tulo tofa nato, chikhadabo chabweranso. Patebulo la ku Gweru panalibe wokagogoda.

"Ndiye musiye, Sekuru. Mukasiya, basi, zatheka."

Anayesa. Ndikuchitira umboni kuti anayesa. Anakhalira dzanja lamanja ngati mwana wolangidwa m'kalasi. Tisanamalize lichero la mtedza, lamanzere linali litagogoda kale.

"Akazi anga," anatero mofatsa, "ine ndalowetsa anthu pansi pa mwala zaka zonse zija. Chinthu chimene sichiyankha sindingachikolekere moyo wanga. Bola ndipite kukagona ndi firiji."

Marvelous sanasekenso. Anatulutsa laputopu n'kuiika pamaondo. Anagwira ntchito masana onse batire la laputopuyo likumuopseza, poti magetsi anali atapita m'mawa. Kachiwalo kaja, anatero, kamatha kusiyanitsa kugogoda ndi kugwa, chifukwa chinthu chikamagwa chimayamba chapepuka kenaka n'kumenyeka. Iye poyamba anazimanga pachingwe chimodzi, poganiza kuti palibe munthu angamenye kabokosi dala. Tsopano anazilekanitsa. Kugogoda kuzidzutsa kapitawo yekha, ayang'ane batire, ayankhe, abwerere kukagona osakhudza wailesi. Kugwa ndi batani ndi zimene zizidzutsa onse.

Yankho loyamba linali kanyali kobiriwira. A Sandifolo anakana. Maso awo ali ndi ng'ala, komanso mwala sunawayankhepo ndi kuwala. Marvelous anachotsa kabelu kakang'ono m'wotchi yakufa ya malemu agogo ake aakazi, atapempha kaye, n'kukawotcherera mkati ndi chitsulo chotenthetsa pambaula. Batire likakhala lodzaza kazilira mokweza, ti. Likamatha kazilira mokhuthala, kawiri. A Sandifolo anagogoda, anamvetsera mutu atapendeketsa ngati kale, nati, "Eya. Kolimba."

Mvula yoyamba inagwa mwezi wotsatira, ndipo Phyless anasunga mawu ake. Anatsika kombi ndi chikwama chachikulu chamizeremizere, chopanda kanthu, Marvelous ali pambuyo. Moni wa tsiku ndi tsiku unali usanadumphe chichokereni mwana wake, koma iye anati moni si umboni.

"Moni ngakhale woledzera amapereka. Baba, vulani. Ndikufuna ndione kakugwa."

A Sandifolo anavula chingwe n'kumupatsa. Phyless anaimirira pakhonde, anakweza kabokosi kufika pachifuwa, n'kukasiya. Kanagwera pamkeka n'kukhala chete.

"Musakakhudze, Sekuru," anatero Marvelous. "Kakumvetsera ngati wagwayo adzuka yekha. Mukakagwedeza kaziti zili bwino, sikatumiza kanthu."

Tinadikira. Madzi ankadontha kuchokera pamalata kugwera m'beseni. Phyless anagwira foni m'manja, nkhope yake yofanana ndi ya mayi ake akakhala pamzere wa kuchigayo. Ine ndinkayang'ana dzanja la a Sandifolo. Linachoka pabondo, linafika m'mphepete mwa mkeka, zala zitapindika kale. Kabokosi kanali pafupi, kali duu, ndipo m'moyo wawo wonse chinthu chotero anali asanachisiyepo osachifunsa. Analibweza dzanjalo n'kuliika m'khwapa, lamanzere n'kugwira chigongono.

"Netiweki ya kuno," ananong'ona Marvelous, osayang'ana munthu.

"Netiweki yomweyo ndi imene adzagwe nayo," anatero mayi ake.

Nkhuku inadutsa. Kenaka foni inalira m'manja mwa Phyless, mokweza moti iye mwini anadzidzimuka. Anawerenga uthengawo, anauwerenganso, n'kukhala pansi pa sitepe yonyowa osasamala siketi.

"Mukhale mpaka nyengo yozizira," anatero. "Chifuwachi chikadzayamba zake mu Juni, tidzakambirananso."

"Tidzakambirana," anavomera a Sandifolo, akutola kabokosi kawo.

Phyless anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenaka anaoneka kuti waganiza china. Uthengawu ukufika ku Gweru, anatero, ndipo kuchokera ku Gweru kombi imayamba yadzaza isananyamuke. Wowadzutsa pamzere wa repu ndani? Onse atatu anatembenukira kwa ine. Phyless ameneyu ndinamuphunzitsa giredi sikisi, ndipo buku la mapu la sukulu limene anabwereka sanabweze. Ndinamukumbutsa. Anati, "Aphunzitsi, nambala yanu ndi yomwe ija?" Marvelous anali atatsegula kale laputopu kuti aikemo nambala yanga.

M'chikwama chija munalowa mabulangete a bambo ake okachapa ku Gweru, ndi repu wambiri woti sakanatha kudya okha. A Sandifolo anawaperekeza mpaka pokwerera kombi, pang'onopang'ono, akupuma pa ngodya iliyonse.

Foni yanga ndi yakale ndipo batire lake silichedwa kutha. Kale ndinkaizimitsa masiku ambiri, poti ondiimbira kawirikawiri anali a bungwe la maliro okha. Tsopano m'mawa uliwonse ndimapita nayo kwa Elifas, amene ali ndi sola padenga, n'kukhala pabenchi lake kumvetsera nkhani zake za mpira mpaka itadzaza. Ndimayenda nayo m'thumba la malaya, ngakhale popita kuseri.