Madzi a Pamaliro mu Pikapu Yanga

Pikapu yanga inali yakale, koma m'mudzi mwathu, kuseri kwa Nsaru, panalibenso galimoto ina. Odwala ndinkanyamula ndine, maliro ndinkanyamulanso ndine.

Chaka chimenecho mwana wathu wamkazi anali ndi mimba yoyamba. Anamwino a ku Namitete anamuuza kuti mwana wakhala mopingasa, asayese kuchirira kunyumba. Mwezi wake ukayandikira akakhale kuchidikiro. Mvula inali itayamba, msewu uli matope okhaokha.

Ndiye kunagwa maliro a msuweni wanga. Ndinakatenga thupi kuchipatala, bokosi kumbuyo, namfedwa kutsogolo pambali panga. Kwathu galimoto ikanyamula maliro imatsukidwa isanagwire ntchito ina. Nthawi zonse amayi a m'mudzi ankangotsuka kumbuyo. Tsiku limenelo, ine ndili kumanda, akazi anga anawauza kuti atsukenso kutsogolo, poti mwana woyembekezera adzakhala pampando womwewo. Amayiwo anatsuka ndi mtima wonse. Anathira zidebe za madzi mpaka pansi pa mipando.

M'mawa mwake galimoto inakana kulira.

Makaniko wa pa Nsaru anabwera pa njinga yamoto. Anasuzumira mu injini, sanapezemo vuto. Kenako anagwada kumbali ya wokwera, nafukula kapeti. Madzi anali chikhalire. Pamenepo panali kabokosi kachitsulo kolowa mawaya ambiri.

"Madala, galimotoyi munkaibatiza kodi?" anafunsa.

Sindinaseke. Iye anatinso, "Iyi ndi kompyuta ya injini. Ndi imene imauza mafuta ndi moto nthawi yokumana. Yamwa madzi. Yamtundu uwu ngakhale mu Lilongwe mutha kuyenda mpaka nsapato kutha."

Anachotsa batire, namasula kabokosiko, tinapita nako kwa bambo wina wachisilamu wokonza mawailesi ndi mafoni. Atakatsekula, m'kati munali zoyera ngati mchere, pena zobiriwira. Anatsuka ndi sipiriti ndi mswachi wa mano, pang'onopang'ono, nakayanika pawindo. Tinjira tiwiri ta mkuwa tinali titadyeka. Anatilumikiza ndi kawaya kowonda ngati tsitsi.

"Chimene ndachiona ndakonza, achimwene," anatero. "Chimene sindinachione chidzadziulula chokha. Musaikhulupirire kwambiri."

Kunyumba akazi anga sankadya. Ankangoti, "Ndinkafuna kumuteteza mwana." Koma ngakhale ine ndemwe sindinkadziwa kuti pansi pa mapazi a okwera pali chinthu choopa madzi. Mwanayo miyendo inali itatupa. Kumukweza kabaza pa matope amenewo sikukanatheka.

Titabwezera kabokosiko, injini inalira. Sindinadikire kuti mwezi wake ukwane. Ndinati anyamule katundu, tinyamuke pamodzi ndi mayi ake tsiku lomwelo kukadali dzuwa.

Tili m'njira, pa dambo lina, galimoto inazima yokha. Panalibe nyumba pafupi. Mwana anandiyang'ana.

"Abambo, tifika?"

"Tifika," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa.

Ndinatsika, ndinagwada m'matope, ndinakanikiza mawaya a kabokosi kaja monga ndinaonera makaniko akuchitira. Ndinayesa, inakana. Ndinayesanso, inalira. Kuchokera pamenepo mayi ake anagwirira kabokosiko ndi dzanja mpaka pa geti la chipatala, atawerama.

Mwana wathu anachira pa opaleshoni patapita milungu ingapo, kunabadwa mwana wamwamuna. Pobwerera sindinawatenge ndine. Ndinapempha galimoto ya munthu wina wa pa Nsaru, poopa dambo lija.

Pikapuyo ndikadali nayo. Imazimabe ikafuna, makamaka kukachita chinyezi. Maliro ndimanyamulabe, koma tikafika ndimakhoma zitseko za kutsogolo, kiyi ndimaika m'thumba. Kutsogoloko ndimapukuta ndekha ndi kansalu konyowa. Amayi ena amati ndimaona galimoto kukhala yofunika kuposa mwambo, ndipo oyembekezera ena amakana kukweramo. Ndikaona mmodzi wa iwo akupita pa kabaza mvula ikugwa, mtima sukhala pansi mpaka nditamva kuti wafika.